Makina ndi omwewo, nanga zotsatira zikusiyana bwanji?

Mu 1982 zipatala ziwiri za ku Massachusetts, m'dziko la America, zinagula makina ofanana ounikira m'thupi, aja amati CT scanner. Stephen Barley, amene panthawiyo ankachita maphunziro ake apamwamba ku yunivesite ya MIT, anapempha kuti azikhala nawo m'zipinda zojambuliramo odwala. Anayamba makinawo asanafike, ndipo anakhalako pafupifupi chaka, kabuku kali m'manja, akulemba amene wafunsa funso, amene wayankha, amene walamula ndi amene wadzudzulidwa zinthu zikalakwika.

Makina amenewa asanabwere, aliyense m'dipatimenti yojambula ankadziwa malo ake. Dokotala wowerenga zithunzi ndiye ankadziwa zonse, wojambula n'kumangotsatira zimene wauzidwa. CT scanner inasokoneza dongosolo limeneli, chifukwa madokotala akuluakulu ambiri sankadziwa kuyendetsa kompyuta yake, ndipo ngakhale zithunzi zimene inkatulutsa zinali zachilendo kwa iwo. Chipatala choyamba chinalemba ntchito ojambula amene anali atagwirapo kale makina otere. Posakhalitsa madokotala anayamba kufunsa nzeru kwa anthu amene dzulo lake ankawatuma, ndipo ojambulawo anayamba kugamula okha zinthu zambiri. Chipatala chachiwiri chinadalira ojambula ake akale, amene ankaphunzira makinawo dokotala ataimirira kumbuyo kwawo akuwauza chochita pa sitepe iliyonse. Iwo anazolowera kudikira lamulo, moti madokotala atafuna kuti awatule ntchitoyo, zinatenga nthawi. Pamapeto pake ojambula a zipatala zonse ziwiri anapeza mphamvu zoposa kale, koma a chipatala choyamba anapita patali kwambiri. Barley anafalitsa zimenezi mu 1986 m'magazini ya kafukufuku ya Administrative Science Quarterly, ndipo mfundo yake inali yakuti makina amangopereka mpata woti ubale wa anthu pantchito usinthe, koma kumene ubalewo ulowere kumadalira anthu amene makinawo awapeza.

Ndayamba ndi nkhaniyi chifukwa muli mtima wa gawo lonse la maphunziro limene pa Chingerezi amati information systems. Anthu ambiri amalisokoneza ndi maphunziro a kapangidwe ka makompyuta. Wa sayansi ya makompyuta amafunsa ngati pulogalamu ikugwira bwino ntchito komanso mwachangu. Wa information systems amafika pulogalamuyo itaikidwa kale mu ofesi, m'banki kapena m'chipatala, n'kufunsa kuti: ndani akuigwiritsa ntchito, ndani akuizemba, yapatsa ndani mphamvu, yalanda kwa ndani, ndipo ndalama zimene zinalowapo zabweza chiyani?

Chiyambi chake n'chosayembekezeka. Kompyuta yoyamba kugwira ntchito za mu ofesi ya bizinesi sinali ya asilikali kapena ya banki, inali ya kampani yogulitsa tiyi ndi makeke ku Britain, J. Lyons & Co. Anaipanga okha, anaitcha LEO, ndipo mu November 1951 inayamba kuwerengetsera mtengo wa zophikaphika za kampaniyo sabata ndi sabata. Mmodzi mwa amene anailembera mapulogalamu, Frank Land, anapita kukaphunzitsa ku London School of Economics mu 1967 n'kukhala m'gulu la oyambitsa maphunzirowa ku Britain. Ku America likulu lake loyamba linali University of Minnesota, kumene magazini ya MIS Quarterly inayambira mu 1977. Msonkhano waukulu wapachaka wa ofufuzawa unayamba mu 1980 ku Philadelphia, ndipo bungwe lawo, Association for Information Systems, linakhazikitsidwa mu 1994.

Koma maganizo amene amagwirizira maphunzirowa anafukulidwa pansi pa nthaka, kompyuta isanalowe mu ofesi iliyonse.

Boma la Britain linatenga migodi ya malasha mu 1947, ndipo makina odulira ndi kunyamula malasha anali atafala. Aliyense ankayembekezera kuti malasha achuluka. M'malo mwake anthu ankajomba kuntchito, mikangano inali yosatha, ndipo zokolola sizinakwere monga ankaganizira. Eric Trist wa ku Tavistock Institute ku London anafufuza nkhaniyi pamodzi ndi Ken Bamforth, amene anali atagwirapo yekha ntchito mumgodi zaka zambiri. Zimene anafalitsa mu 1951 zinali izi. Kale amuna ankagwira m'timagulu ting'onoting'ono. Ankasankhana okha, aliyense ankadziwa ntchito yonse kuyambira kudula mpaka kupakira, malipiro ankagawana, ndipo mnzawo akafooka ankamuphimba. Makina atabwera, mainjiniya anagawa ntchitoyo pakati pa amuna 40 mpaka 50 m'mashifiti atatu, shifiti iliyonse ndi mbali yake. Odula akalakwitsa, mavuto ake ankagwera opakira amene ankalowa pambuyo pake, anthu amene sankakumana nawo n'komwe. Mumdima wa pansi, denga likhoza kugwa nthawi iliyonse, munthu anatsala yekha wopanda womudalira, ndipo shifiti iliyonse inkaloza chala inzake.

Makinawo sanali olakwika. Cholakwika chinali kuwakonzera dongosolo ngati kuti anthu ndi zitsulo zina zongomangirira. Apa ndi pamene panachokera ganizo lakuti malo a ntchito ali ndi mbali ziwiri zolukana, ya makina ndi ya anthu, ndipo kukonza imodzi osayang'ana inzake n'kungotaya nthawi. Enid Mumford wa ku Manchester Business School anatenga ganizoli n'kupita nalo kumakompyuta, akulimbikira kuti makalaliki amene adzagwiritse ntchito pulogalamu azikhala nawo poikonza. Ku Norway, Kristen Nygaard anachita zofanana ndi bungwe la ogwira ntchito m'mafakitale a zitsulo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Dzina la Norway mulisunge, tikumana nalonso.

Ndalama zinapita kuti?

Pofika m'ma 1980 makampani a ku America anali atathira ndalama zankhaninkhani m'makompyuta. Mu 1987 katswiri wa zachuma Robert Solow, amene analandira mphoto ya Nobel chaka chomwecho, analemba mu nyuzipepala ya New York Times kuti makompyuta akuoneka paliponse kupatula m'ziwerengero zosonyeza kuchuluka kwa zimene wogwira ntchito amatulutsa. Chiganizo chimodzi chimenecho chinapatsa ofufuza ntchito ya zaka zoposa khumi.

Yankho limene ine limandikhutiritsa linachokera kwa Paul David, katswiri wa mbiri ya zachuma, mu 1990. Iye anati tiyeni tibwerere kumagetsi. Malo oyamba opangira magetsi ogulitsa anatsegulidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1880, koma pofika 1899 mamota amagetsi ankayendetsa zosakwana 5 peresenti ya makina a m'mafakitale a ku America, ndipo phindu lenileni linadzaoneka m'ma 1920. Anachedwa chifukwa chiyani? Aliyense amene anaimapo pachigayo cha dizilo akudziwa momwe injini imakokera lamba, lambayo n'kuzunguza chigayo. Fakitale yakale inali chomwecho, koma injini imodzi yaikulu ya nthunzi inkazunguza mtanda wachitsulo wautali kudenga, ndipo makina onse ankakokedwa ndi malamba kuchokera pamtandawo. Makina ankaikidwa molingana ndi pamene lamba angafike. Magetsi atabwera, eni mafakitale anangochotsa injini ya nthunzi n'kuikapo mota yaikulu, china chilichonse n'kuchisiya momwemo. Panapita m'badwo wathunthu asanazindikire kuti makina aliwonse akhoza kukhala ndi kamota kakekake, kuti fakitale ikhoza kumangidwa yopanda nsanjika, makina n'kundandalikidwa motsatira mmene katundu akuyendera. Kusintha kumeneku kunafuna nyumba zatsopano, akapitawo oganiza mwatsopano ndi antchito ophunzitsidwa mwatsopano.

Erik Brynjolfsson wa ku MIT anasanthula nkhani ya makompyutayo mu 1993 n'kutchula zifukwa zinayi zimene phindu lingabisalire: mwina sitikuyeza bwino, mwina phindu limachedwa, mwina kampani ina ikungolanda makasitomala a inzake popanda dziko kupindula, kapena oyang'anira akuononga ndalamazo. Pambuyo pake iye ndi Lorin Hitt anayang'ana mabuku a makampani akuluakulu mazanamazana, n'kupeza kuti makompyuta amabweretsadi phindu, koma mosiyana kwambiri pakati pa kampani ndi kampani. Amene ankapindula kwambiri ndi amene anasinthanso kagwiridwe ka ntchito, kuphunzitsa antchito ndi kuwapatsa mphamvu yogamula zinthu. Mtengo wa kusinthako nthawi zambiri unkaposa mtengo wa makina enieniwo, ndipo mtengo umenewu ndi umene suoneka pa koteshoni ya wogulitsa.

Pali njira ina ya kafukufuku imene siyang'ana kampani yonse, imayang'ana munthu mmodzi pa desiki yake. Mu 1989 Fred Davis anafalitsa mu MIS Quarterly ganizo lakuti munthu amavomereza pulogalamu pa zifukwa ziwiri: ngati akuona kuti imuthandiza pantchito yake, ndiponso ngati akuona kuti siivuta. Anakonza mafunso oyezera zinthu ziwirizi, ndipo anapeza kuti phindu ndi limene limalemera kwambiri. Munthu amapirira pulogalamu yovuta ngati ikumupatsa chimene akufuna, koma yosavuta yopanda ntchito amaisiya. Ganizoli, lodziwika kuti TAM, linatchuka kuposa lina lililonse m'maphunzirowa, ndipo mu 2003 Viswanath Venkatesh ndi anzake analikulitsa powonjezerapo zinthu monga chikoka cha anthu otizungulira ndi kupezeka kwa chithandizo.

Ndinene maganizo anga: TAM inakula kuposa msinkhu wake. N'njosavuta kuigwiritsa ntchito, choncho ophunzira ambirimbiri amangosintha dzina la chipangizo, lero ndalama za pafoni, mawa maphunziro a pa intaneti, n'kugawa mafomu a mafunso omwewo, n'kupeza yankho lomwelo lakuti anthu amakonda chinthu chothandiza. Ndani ankakayika? Izak Benbasat ndi Henri Barki, akuluakulu a m'maphunziro omwewa, anadandaula zofananazi mu 2007, kuti kafukufuku wochuluka chonchi sanatiuze chimene chimachititsa pulogalamu kukhala yothandiza. Vuto linanso n'lakuti kuntchito munthu sasankha. Bwana akati kuyambira Lolemba tonse tikugwiritsa ntchito pulogalamuyi, funso loti "kodi mwaivomereza?" limakhala lopanda mutu. Chofunika kudziwa ndi chimene anthu amachita bwanayo akatembenuka.

Kuti udziwe zimenezo, fomu ya mafunso siikwanira. Kuona maso a nkhono n'kudekha: umayenera kukhala nawo anthuwo miyezi, kumva zimene amalankhula nthawi ya tiyi, kuona kabuku kamene amabisa m'dirowa. Pobwezera ufulu wolowa mkati chonchi, ofufuza amabisa dzina lenileni la bungwelo n'kulipatsa longopeka, n'chifukwa chake makampani otchuka kwambiri m'maphunzirowa simungawapeze pa mapu.

Imodzi mwa makampani otere ndi imene M. Lynne Markus anaitcha Golden Triangle Corporation mu kafukufuku wake wa 1983. Owerengera ndalama a kulikulu anabweretsa pulogalamu yatsopano ya zachuma, ndipo anzawo a kunthambi anaikana kwa zaka. Ankadandaula kuti n'njochedwa, imatulutsa zolakwika, ndipo ena anapitiriza kusunga mabuku awoawo pambali. Mafotokozedwe achizolowezi ndi awiri: anthuwo ndi ouma mitu, kapena pulogalamuyo n'njoipa. Markus anayesa onse awiri. Mavuto a pulogalamuyo anakonzedwa, koma kukana sikunathe. Munthu wina wa kulikulu amene ankaikonda atasamutsidwira kunthambi, naye anayamba kuida. Choncho vuto silinali m'mutu mwa munthu kapena m'makina, linali pampando. Kale a kunthambi ankasonkhanitsa ziwerengero zawo, kuziphatikiza, n'kutumiza kulikulu chidule chokha, ndipo zinthu zikavuta ankakhala ndi nthawi yokonza chofotokoza. Pulogalamu yatsopano inkalola a kulikulu kuona chilichonse mwachindunji, nthawi iliyonse, osapempha. A kunthambi sankaopa kompyuta. Ankaona bwinobwino chimene akulandidwa.

Wanda Orlikowski wa ku MIT anapeza mbali ina ya nkhani yomweyi mu 1992, pa kampani yaikulu ya alangizi a zamalonda imene anaitcha Alpha. Kampaniyi inagula Lotus Notes, pulogalamu yothandiza ogwira ntchito kugawana zimene akudziwa. Mkulu wa zamakompyuta ankakhulupirira kuti akangoifalitsa kwa anthu ambiri mwachangu, ntchito yake aiona okha. Koma ku Alpha mlangizi ankayezedwa ndi maola amene walipiritsa kasitomala, ndipo ola lophunzira pulogalamu linalibe wolipira. Komanso lamulo losalembedwa linali lakuti ukwere kapena uchoke, ndipo mipando yapamwamba inali yochepa. M'malo otere chimene ukudziwa iwe wekha ndicho chuma chako. Ungachiike bwanji poyera kuti mnzako amene mukulimbirana naye mpando akachigwiritse ntchito, kapena akakupezere cholakwa? Alangiziwo anangoisandutsa chida chotumizirana makalata. Chodabwitsa n'chakuti amisiri a zamakompyuta a pakampani yomweyo, amene sankayezedwa ndi maola a kasitomala ndipo sankalimbirana mipando imeneyo, ankaigwiritsa ntchito pogawana nzeru monga momwe opanga anafunira.

Mpata pakati pa pepala ndi pansi

Zonsezi zinachitikira m'mayiko olemera, ndipo ndi bwino kukumbukira zimenezi pamene wina akunena kuti makompyuta amalephera kuno kokha. Pa 26 October 1992 bungwe la maambulansi la mumzinda wa London linayatsa pulogalamu yatsopano yotumizira magalimoto. Tsiku lomwelo mafoni anaunjikana, maambulansi angapo ankathamangira malo amodzi pamene kwina odwala ankadikira maola, ndipo patangopita masiku ochepa mkulu wa bungwelo anatula pansi udindo. Ofufuza za ngoziyi anapeza kuti ntchitoyo inathamangitsidwa, inapatsidwa kwa kampani yaing'ono yotchipa imene inali isanapangepo pulogalamu yotere, antchito sanaphunzitsidwe mokwanira, ndipo panali kusakhulupirirana kwakukulu pakati pa oyendetsa maambulansi ndi mabwana awo. Pulogalamuyo inkafuna kuti aliyense azidina batani loyenera nthawi yoyenera popanda kuphonya, zimene sizichitika pamsewu.

Richard Heeks wa ku University of Manchester anapatsa vutoli dzina mu 2002: mpata wa pakati pa zimene wokonza pulogalamu anaganiza ndi zimene zilipodi pamalopo. Pulogalamu iliyonse imabwera ndi zoyembekezera zake zosanenedwa. Imayembekezera kuti magetsi alipo, kuti ziwerengero zolowetsamo n'zolondola, kuti pali munthu wodziwa kuikonza, kuti bwana amagamula zinthu poyang'ana malipoti, kuti chaka chamawa ndalama yolipirira intaneti idzapezeka. Mpatawo ukakula, ngozi yolephera imakulanso, ndipo umakula kwambiri pamene wokonzayo ali kutali, monga pulogalamu yopangidwira kampani ya ku Ulaya ikaikidwa mu ofesi ya boma ku Africa. Mu 2003 Heeks anayerekeza kuti mwa ntchito zoika makompyuta m'maboma a mayiko osauka, 35 peresenti zinkalepherera kotheratu, 50 peresenti zinkalephera mbali ina, ndipo 15 peresenti yokha ndi imene inkayenda. Ziwerengerozi zinali zongoyerekeza kuchokera pa zitsanzo zochepa, ndipo anthu amazitchula molimba mtima kuposa mmene zikuyenerera. Chothandiza kwambiri m'ganizo lake n'chakuti mpatawo ungatsekedwe kuchokera mbali ziwiri: kusintha malowo kuti afanane ndi pulogalamu, kapena kusintha pulogalamu kuti ifanane ndi malowo. Njira yachiwiriyi n'njotchipa, koma ogulitsa saikonda.

Pali ofufuza ena amene sanakhutire ndi kuonerera. Ulamuliro wa tsankho utatha ku South Africa mu 1994, dzikolo linatsala ndi madipatimenti a zaumoyo 14, ogawidwa potengera mtundu wa anthu ndi madera, iliyonse ndi mafomu ake. Anamwino ankadzaza mapepala ambirimbiri opita kumwamba, osamvanso za iwo. Ofufuza a ku University of the Western Cape, University of Cape Town ndi University of Oslo ya ku Norway, mmodzi mwa iwo Jørn Braa, anayamba ntchito yokonza katoleredwe ka ziwerengero za zaumoyo, yotchedwa HISP, m'madera ngati Khayelitsha ndi Mitchells Plain. A ku Oslo anabwera ndi mwambo uja wa Nygaard, wokonza zinthu pamodzi ndi ozigwiritsa ntchito.

Nkhondo yaikulu sinali ya pulogalamu, inali ya mafomu. Nthambi iliyonse, ya katemera, ya chifuwa chachikulu, ya uchembere, inkafuna mafunso ake onse akhalepo, ndipo palibe amene ankalola kutaya ngakhale limodzi. Anagwirizana mfundo imene imaoneka yaing'ono koma inamasula mfundo yolimba: pakhale kagulu kochepa ka ziwerengero zimene dziko lonse lizitolera mofanana, ndipo chigawo, boma ndi chipatala chilichonse chikhale ndi ufulu wowonjezera zake malinga chikusunga za pamwamba pake. Pulogalamu yawo, DHIS, inamangidwa pa Microsoft Access mwanjira yakuti munthu wa kuboma akhoza kusintha mndandandawo yekha osaitana katswiri. Mtundu wachiwiri, DHIS2, wogwira ntchito pa intaneti komanso waulere kwa aliyense, unayamba kugwiritsidwa ntchito ku Kerala m'dziko la India mu 2006, ndipo lero uli m'maunduna a zaumoyo a mayiko oposa 70.

Mu 2004 Braa, Eric Monteiro ndi Sundeep Sahay anafotokoza mu MIS Quarterly chifukwa chimene ntchito zoyeserera zambiri zimafera. Ntchito ya pachipatala chimodzi kapena boma limodzi, ngakhale iyende bwino chotani, siipatsa unduna chithunzi cha dziko lonse, choncho unduna suidalira, ndipo wopereka thandizo akachoka imazima. Kuti ikhalitse iyenera kufalikira, ndipo kuti ifalikire pamafunika anthu a m'dzikomo odziwa kuisamalira, olumikizana ndi anzawo a mayiko ena. N'chifukwa chake HISP inaika mphamvu zambiri pa maphunziro a masters ndi PhD ku Mozambique, Tanzania, Ethiopia ndi kwina, mwinanso kuposa zimene inaika pa pulogalamu yeniyeniyo.

Malawi ali mkati mwa nkhaniyi. Unduna wa Zaumoyo unayamba ndi DHIS yoyamba ija kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 n'kusamukira ku DHIS2 cha m'ma 2012, ndipo aphunzitsi angapo a ku University of Malawi anachita maphunziro awo apamwamba ku Oslo pofufuza zimenezi. Panalinso ntchito ina yosiyana nayo, ya Baobab Health, imene Gerry Douglas anayambitsa mu 2001 pachipatala chachikulu cha ku Lilongwe. Iwo anaona kuti kalaliki amene sanagwirepo kiyibodi, odwala atandanda mpaka panja, sangayambe kuphunzira kutaipa. Anaika makompyuta ongodina pagalasi, funso limodzi pa nthawi imodzi, osadya magetsi ambiri, otulutsa kapepala komata pa kabuku ka kuchipatala kamene wodwala amayenda nako kale. Kumeneko ndiko kusintha pulogalamu kuti ifanane ndi malo.

Komabe pulogalamu yabwino imangosunga zimene yapatsidwa. Chiwerengero chimene mkulu wa ku unduna akuona pa galasi lake chinayambira m'kaundula wa pepala, cholembedwa ndi namwino kapena mlangizi wa zaumoyo amene anali ndi mzere wa anthu patsogolo pake, chinaphatikizidwa pamanja kumapeto kwa mwezi, n'kulowetsedwa m'kompyuta ndi munthu wina. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: namwino amasamala chiwerengero chimene chimamuthandiza kuitanitsa mankhwala asanathe, pamene chimene amangotumiza kumwamba osamva yankho amachidzaza kuti lipoti lipite.

Chipo Kanjo wa ku University of Malawi anatsatira ziwerengero za amayi ndi ana mpaka kumudzi, kufunafuna pamene zimasowera. Mu 2007 boma linaletsa azamba kubereketsa, pofuna kuti amayi azichilira kuchipatala, ndipo amayi ambiri anayambadi kupita kuchipatala. Koma ena, makamaka akutali ndi chipatala, anapitirizabe kupita kwa azamba. Lamulo lisanabwere, azamba ophunzitsidwa ankalemba ana obadwira m'manja mwawo, ndipo ziwerengerozo zinkafika kuchipatala. Lamulo litabwera, kulemba kunasanduka kudziulula mlandu, choncho kubereketsa kunapitirira mobisa ndipo kulembako kunaima. Ana ankabadwa, ena mwa iwo n'kudzaonekera pambuyo pake kusikelo, koma pa malipoti a obadwa sankapezeka. Pa galasi la kompyuta malo awo ankaoneka opanda kanthu, ndipo wowerenga lipotilo ali mu ofesi analibe njira yosiyanitsira mudzi umene azamba analekadi kubereketsa ndi mudzi umene anangoleka kulemba.